Ketulo ya ku China yandiyambanitsa ndi mpongozi

Aphungu,

Ine sukulu sindinapondeko, ndikungoyankhula, foni ndiyo ikulemba. Ndili kunja kuno, ku Clondalkin, kwa mwana wanga Useni, ndinabwera kudzalera mdzukulu wanga Lombe.

Ntchito ya Useni njodabwitsa, tamvani. Anthu a ku China akagula katundu pa intaneti amalemba mmene amuonera, ndiye iye ndi anzake akuphunzitsa kompyuta kutola pamene munthu wayerekeza chinthu ndi chinzake. Tsiku lina akudandaula kuti makinawo akuphonya, anandiwerengera ndemanga imodzi yomasuliridwa. Mayi wina analemba kuti, "Ketulo yanga yakale inkawiritsa madzi ndisanamalize kuvala nsapato." Makina ati palibe kuyerekeza. Ine kuseka! Ndinati, "Iwe, mayiyu akunyoza yatsopanoyo. Munthu wolemekezeka sanyoza pamaso, amangotamanda amene palibe." Chiyambire pamenepo amandiwerengera teni tsiku lililonse, sindinaphonyepo.

Tsono Lamulungu tikudya, mpongozi wanga Scholastica anati, "Bambo a Lombe, mawu a amayi muwaikemonso m'makina anuwo, tione a Tiza atuluka kangati." Tiza ndi mwana wanga wamkazi, ali ku Zomba. Kumutchula ndimamutchuladi: chigumu cha Tiza kufewa, Tiza kusita kwake. Komatu ndimangomusowa! Tsopano Scholastica amandipatsa moni wa alendo, ndipo Lombe wayamba kumusiya ku kreshi, kosungira ana, ine ndili khale m'nyumba.

Kodi makina angazimvedi zimenezi pakamwa panga? Ndiwalole ayese? Ndikufunitsitsa nditadziwa.

N.L., Clondalkin

Amayi N.L.,

Makina asiyeni apume. Mwanena nokha kuti zoterezi amaphonya. Amene sakuphonya ndi Scholastica. Khutu limene munamvera mayi wa ketulo uja, nayenso ali nalo.

Zoti mumangomusowa Tiza ndikukhulupirira. Koma mumamutchula nthawi yanji? Ndikuganiza kuti chigumu cha ku Zomba chimakumbukika pamene cha Scholastica chili patebulo.

Tiza mukamusowa, muimbireni foni, kufewa kwa chigumuko mumuuze mwini wake. Kenako mupeze mpongozi wanuyo pamene Useni ali kuntchito, osamutuma mwana wanu kukakunenerani. Muuzeni mosazungulira kuti, "Amake Lombe, ndamva, ndinakupwetekani." Musadzitchinjirize, ngakhale akuwerengereni zonse kuyambira tsiku limene munatsika ndege. Za kreshi musazitchule tsiku limenelo. Pakapita masiku, mupempheni akuphunzitseni chimene iye amadziwa inu simudziwa, kaya kakweredwe ka basi yopita m'tauni. Akachita chabwino, muyamikireni iye yekha, dzina lachiwiri lisalowepo.

Chenjerani ndi chimodzi: musakatembenuze n'kumati, "Inu ndiye mumaposa Tiza." Kumeneko n'kuyerekeza komweko, ndipo adzakumva. Mayi wa ku China uja ketulo akhoza kuibweza kusitolo. Inu mpongozi ndi yemweyo, ndipo kumene Lombe akaswere mawa wosankha ndi iyeyo.

Aphungu