Theka Lotsala la Nyimbo ya Amama

Area 47, Sector 3,
Lilongwe.

Wokondedwa mlongo wanga Greenwell,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana ku Cape Town kumeneko. Kaya chifuwa cha Sophia chija chinatha? Kuno tilipo, kupatula Amama. Miyendo yatupanso, ndipo adokotala ayamba kundiitanira panja akafuna kuyankhula.

Usadabwe kuti ndalemba papepala ngati kale. Foni yanga imakhalira m'manja mwa adzukulu, ndipo nkhani iyi ndi ya iwe ndi ine basi.

Lamlungu unandiuza mokondwa kuti wapeza pa intaneti nyimbo ya gemu ya kandege ija, yonse mpaka kumapeto, ndipo ukufuna kuiponya pa gulupu ya banja kuti tiseke. Greenwell, nzeru zako zinathera pa masamu. Usayerekeze.

Iwe unali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, mwina zambiri unaiwala. Ofesi ya Adada itasamuka ku Zomba mu 1988 anatipatsa nyumba ino, fumbi lokhalokha, mitengo yolekeza m'chiuno. Amama anasiya kwaya yawo, anzawo, ndi manda a mng'ono wako Harry. Panapita miyezi osawamva akuimba. Ankasesa pabwalo kawiri, kenako n'kukhala pakhonde kuyang'ana kum'mwera ngati phiri la Zomba lionekera.

Ife ana tinatonthola msanga. A Nebert oyandikana nafe anabwera ndi TV ndi gemu pochokera kukosi kunja, dziko lino lisanakhale n'komwe ndi siteshoni ya TV. Amama anatiletsa kupondako, amati zinthu zimenezo zimaoletsa ubongo. Ndiye tinkadzera pachibowo cha mpanda wakuseri, mwana wawo Jenifa akatiimbira mluzu. Kandege kankauluka, kanyimbo kakulira ti-ti-ti, ndipo tikafika pa mlatho uja tinkagunda nthawi zonse. Nyimbo n'kudukira pomwepo. Palibe mmodzi wa ife anamvapo za kutsidya kwa mlatho.

Mpaka lero ndikaikumbuka ndimamva fungo la polishi wa pansi wa kwa a Nebert, ndipo mtima umandiwawa, sindinama.

Tsopano imva zimene sindinauzepo munthu. Ndinkaing'ung'udza nyimboyo potsuka mbale, tsiku ndi tsiku, n'kumaidula pamene inkadukira. M'mawa wina Amama anadzuka nkhope ili ngwee, akuti Mulungu wawapatsa nyimbo kutulo. Atayamba kuimba ndinatsala pang'ono kugwetsa ketulo. Inali yomweyo. Anangoichedwetsa n'kuiika mawu a Chitumbuka onena za mlendo amene sanatayidwe.

Kuulula kukanatanthauza chikwapu chifukwa cha mpanda uja, ndiye ndinatseka pakamwa. Loweruka lake ndinawaona akusita bulauzi yawo yoyera ya amayi a mpingo, imene inali m'sutikesi chichokereni ku Zomba. Kuyambira pamenepo sindikanathanso kunena.

Iwe sunaizindikire chifukwa kutchalitchi unkapitira tulo. Ndi ija amaitcha nyimbo ya NyaMsiska, potengera dzina la Amama. Yaimbidwa pa maukwati, yaimbidwa pa maliro a Adada, ndipo amayi a Chigwirizano osamva n'komwe Chitumbuka amaiimba misozi ili mbwembwembwe. Imathera m'malere. Wotsogolera amangokweza dzanja onse n'kukhala chete, anthu n'kumati kukoma kwake ndi kumeneko. Ndi pa mlatho paja, Greenwell.

Ukaiponya pa gulupu, Alinesi wa azakhali, amene amaitsogolera masiku ano, aizindikira nthawi yomweyo, ndipo pakamwa pake ukupadziwa. Pofika madzulo mpingo wonse udzakhala utamva kuti mphatso ya NyaMsiska inachokera m'kabokosi koseweretsa ana. Amama alibe masiku okwanira kuti manyazi otere adzawathere.

Sabata yatha ndikuwapaka mafuta m'miyendo anandiuza kuti chinthu chimodzi chokha chikuwasowetsa mtendere. Akuti zaka zonsezi akhala akupempha Mulungu kuti awapatse mbali yotsala ya nyimbo, koma kuli zii. Akuti mwina anamulakwira penapake, n'chifukwa chake anawapatsa theka. Kenako anandifunsa ngati ndikuganiza kuti n'chifukwa chosiya Harry yekhayekha ku Zomba. Ndinathawira kubafa kukalira.

Ndiye pempho langa nali. Nyimboyo utumize kwa ine ndekha, pa foni ya kuntchito. Ndiziimvera m'galimoto popita ku City Centre mpaka ndiigwire, kenako ndiziing'ung'udza ndikamawasambitsa, pang'onopang'ono, osawayang'ana kumaso. Ikalowa, mawu adzaika okha. Pa zimenezo sanasowepo thandizo la munthu.

Ndikudziwa unena kuti ndi bodza pamwamba pa bodza linzake. Mwina n'zoona. Ndaganiza mpaka mutu kuwawa, ndipo sindikudziwanso amene anaika nyimbo ija pakamwa panga chaka chimene Amama ankafota tikuwaona. Ngati ndi tchimo ndi langa, iwe sulimo.

Undiperekere moni kwa alamu a Eneless ndi ana onse. Mulungu akusungeni ndi kudalitsa ntchito za manja anu. Ukatha kuwerenga uing'ambe kalatayi, ndimakudziwa umasiya mapepala paliponse.

Koma fulumira, usachite zako zija za mawamawa. Masiku ano Amama akugona kwambiri, ndipo akatsegula maso amandifunsa ngati ndinawamva akuimba chilichonse kutulo.

Ndine mlongo wako,
Dinah