Chingwe cha Sikelo ya Esinati

Lachiwiri, 3 Seputembala 2024

Chezi, ku Dowa. Mphepo yochokera ku mapiri, fumbi lokhalokha. Kudzuka 5 koloko, kusesa pabwalo, kupolisha nsapato ngakhale kopita kulibe. Zaka 27 za usilikali wa pamadzi sizichoka m'thupi.

Lero sikelo ya ana, Lachiwiri loyamba la mwezi, pansi pa mtengo wa mango pakhomo pano. Malemu mkazi wanga Esinati anaiyendetsa zaka zoposa makumi awiri, ntchito yongodzipereka. Panopa atsogoleri ndi mayi Lusiya. Monga mwa masiku onse chimwalirireni Esinati, andipatsira chingwe chokolowekera sikelo, akuti iwo mfundo yake imawavuta. Kukwera pampando, kuzunguliza panthambi, kukoka, basi. Mfundo yomangira boti, ukamaikoka ndi pomwe imalimba. Ndinamuphunzitsa Esinati ku Monkey Bay chaka chomwe tinakwatirana. Ana 41, palibe wagwa.

Pa 14 kuvundukula chiliza chake. Pa 15 abale ake akuti andisudzule, ndibwerere kwathu ku Ntchisi poti kuno ndine mkamwini. Asudzule. Ine sindikupita kulikonse. Malata a nyumba ino anagula ndani?

Lachisanu, 6 Seputembala

Ndalemba mbiri ya malemu yokawerenga pa chiliza. Masamba awiri, zaka zonse mu ndondomeko ngati lipoti la kwa akuluakulu. Ndamuwerengera mwana wanga Mphatso pafoni, ali ku Lilongwe. Nditamaliza wandifunsa: "Ababa, imeneyi ndi mbiri ya ndani?"

Mwana wopanda ulemu, anatengera mayi ake. Koma ndawerenganso ndekha. 1991 ndinakwezedwa udindo. 1995 ndinatumizidwa ku Chilumba. 2004 ndinapita ku maphunziro. Esinati akuonekamo kawiri: kubadwa ndi kumwalira.

Tinakhala limodzi kunyanja zaka zinayi zokha. Apongozi atadwala, Esinati anabwerera kuno, sanachokenso. Ine kawiri pachaka, tchuthi, usipa m'katoni. Ndimamudziwa bwino mkazi wanga, palibe angandiuze zina. Kungoti ndifunseko pang'ono kwa anthu.

Lamulungu, 8 Seputembala

Titatuluka m'tchalitchi ndayamba kufunsa. Kope m'manja ngati wapolisi.

Mayi Nafisa, akazi a Hassani a pagolosale, akuti Esinati ndiye anawaperekeza pa ngolo kuchipatala matenda a uchembere atayamba mvula ili mkati. Maliro a Chisilamu, a Chikhirisitu, a kudambwe, onse amakaphika, poto ndi poto basi.

Mayi Lusiya akuti ana a matenanti a pa esiteti ya fodya kutsidya la mtsinje sankabwera ku sikelo, makolo awo ankati ndi alendo kuno. Esinati ankawoloka yekha kukawatenga, wina kumbuyo wina m'manja. Chaka cha njala, 2002, phala la ana linkaphikidwa m'khitchini yanga yomweyi.

Ndatulutsa makalata ake m'sutikesi. Alipo a chaka chimenecho. Onse mathero ake amodzi: "Kuno zonse zili bwino, inu gwirani ntchito." Ndakwiya naye, kenako ndamusowa kwambiri. Kope latsala masamba atatu.

Lachitatu, 11 Seputembala

Ndapita kwa alamu a Mayeso, mlongo wake wa Esinati, eni mbumba. Nsapato zonyezimira, nkhani ndakonzeratu. Awa ndi anthu oti nyanja anaiona pa kalendala.

Akuti alibe nane chifukwa. Mwambo ndi mwambo: mkazi wapita, chaka chatha, mkamwini amamasulidwa. Nyumba ndi ya Mphatso, koma poti iye ali ku tawuni, azikhalamo mphwawo wamkazi wa a Mayesowo yemwe wangokwatiwa kumene. Aponyanso ndi mwambi, mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Ine wa m'madzi andiuze za mlamba.

Ndatulutsa mfuti yanga yayikulu, nkhani ya malata. Andiyang'ana mwachisoni. "Alamu, malata anu anapita ndi mphepo mu 2007. Ena tinakawatola kudimba atapindika ngati chipewa." Akuti omwe ali pamwambawa ndi a mtedza wa Esinati, ndipo anawasenza pamutu kuchokera pamsewu ndi amayi a sikelo. Esinatiyo analetsa aliyense kundiuza, akuti munthu wa pamadzi asamaganize za kumtunda, angamire.

Ndabwera kunyumba, ndaima pabwalo kuyang'ana denga. Zaka 17 ndikudzitama ndi malata a eni ake.

Lachinayi, 12 Seputembala

Foni kuchokera ku Ntchisi. Achemwali anga a Rakele akuti chipinda achikonza, chomwe amasungiramo mbatatesi. Kwathu ndinachokako ndili ndi zaka 19. Ondidziwa ambiri ali kumanda.

Ndalongedza. Yunifolomu yakale, mamendulo, makalata, wailesi. Zonse zakwana sutikesi imodzi. Msilikali sapitikitsidwa, amanyamuka yekha, chifuwa patsogolo.

Koma mantha ndili nawo. Manda ake ali kuno. Kuchoka ku Ntchisi kudzalambula pamanda ndi minibasi ziwiri ndi kabaza.

Mbiri ndalembanso yonse. Dzina langa likupezekamo kamodzi.

Loweruka, 14 Seputembala

Chiliza. Anthu ngati msika wa pa Mponela. A Mvano ndi yunifolomu zawo, mayi Nafisa ndi anzawo atafunda mipango, matenanti kutsidya konse kunasamuka. Mayi wina sindikumudziwa anabwera ndi mwana kumbuyo, akuti iye anayezedwa ndi Esinati, ndipo mwanayo dzina lake Esinati.

Mbiri ndinawerenga chiimire, mawu a pa perete. Ndinafika bwinobwino mpaka pa malata. Pamenepo ndinalekeza. Mphatso anatenga pepala n'kumaliza. Fumbi la mwezi uno ndi loipa m'maso.

Lamulungu, 15 Seputembala

Kusudzula. Mphasa pabwalo, abale ake mbali ino, ine ndi a Rakele mbali iyo. A Mayeso analankhula bwino, ndisawanamizire. Anandithokoza, anati ndamasuka, ndikafuna kukwatira ndikwatire. Mphatso anayesa kuikapo mawu, anamuuza kuti mwana sadula nkhani ya amalume ake. Sutikesi inali kale pakhonde.

Kenako gulu la amayi, mwina khumi ndi asanu, ana kumbuyo. Anagwada kumapeto kwa mphasa. Mayi Lusiya anapempha mawu amodzi, ngakhale sali a pabanja. Akuti sikelo malo ake ndi mtengo uwu, ndipo wodziwa mfundo yake anali Esinati, tsopano kwatsala ine ndekha. "Mukawachotsa bambowa, mwana akadzagwa pa sikelo tidzabwera naye pakhomo panu, a Mayeso."

A Mayeso anakanda m'mutu. Anayang'ana amayi, anayang'ana akazi awo, omwenso anali m'gulu lomwelo atanyamula mdzukulu. Anati mwambo wachitika, munthu wamasulidwa, koma womasuka akasankha kukhala iwo samuthamangitsa. Mphwawo uja amumangira nyumba kuseri kwa khola.

Ndamasula sutikesi. Luso ndi luso. Dowa yense, mapiri okhaokha, munthu wodziwa mfundo ya boti ndi mmodzi. Esinati, mwamuna wako akadali wofunika.

Lachiwiri, 1 Okutobala

Ndinalawirira ku Mponela kukagula chingwe chatsopano, chakale chayamba kuthetheka. Minibasi inafera panjira. Ndinafika 9 itadutsa, thukuta kamukamu, mtima uli m'mwamba kuti amayi akundidikira padzuwa.

Ndinalowera kuseri kwa nyumba. Sanandione. Mayi Lusiya ali pampando, chingwe chakale m'manja, akucheza ndi anzawo, maso kwina. Kuzunguliza, kulowetsa, kukoka. Mfundo yanga yeniyeni, mwachangu kuposa ine. Mtsikana wina pansi akuwauza kuti asiye mchira wautali, mayi Esinati ankatero.

Onse amaidziwa. Anawaphunzitsa kalekale.

Ndinatsokomola. Mayi Lusiya anatembenuka, tinayang'anana. Manyazi analibe ngakhale pang'ono. Anamasula mfundo ija, anatsika, anandipatsira chingwe ndi manja awiri. "Yatikanika, bambo." Kenako motsitsa, ena asamve: "Mayi Esinati anatiuza ali kuchipatala. Akuti bambo aja musadzawasiye opanda ntchito, sadziwa kukhala."

Ndinakwera pampando. Ndinalakwitsa koyamba, palibe anaseka. Kachiwiri inagwira. Ndinasiya mchira wautali.

Ana 44. Palibe wagwa.