Mkanda Umodzi m'Magazi a Kapitawo

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino. Nanga mwendo wa amayi uja unaphwa? Makamaka ndikufuna kumva za mwana wanu wolamula nyumba yonse uja, Kapitawo wathu. Akupeza bwanji chitulukireni m'chipatala? Ine kuno ndili bwino, kungoti maso ayamba kuwawa ndi kompyuta, moti ndagula magalasi. Mukadzandiona mudzaseka, ndikungooneka ngati kadzidzi.

Munafunsa kuti ntchito yanga ndi yotani kwenikweni, poti amayi amauza anthu kuti ndine dokotala. Ine sindibaya munthu jakisoni. Ndimakhala m'kachipinda kopanda zenera ndi mnzanga wina wokonda kutafuna zolembera. Amatipatsa zilembo zondondozana, ine n'kuzilowetsa mu pulogalamu ya pakompyuta, iyo n'kuzitunga ngati mikanda mpaka patuluke chithunzi cha kachidutswa ka puloteni kapena ka DNA, kamene kamasunga zotengera kwa makolo. Ndikatero ndimakatembenuza uku ndi uku, kukaona kumimba ndi kumsana. Poyamba ndinkaiwala kuuza pulogalamuyo kuti ipote, ndiye zinkatuluka zowongoka ngati chingwe choyanikapo zovala. Abwana anga anati iwo akufuna puloteni, osati poyanika masokosi.

Sabata yatha ndinamanga kachidutswa ka puloteni yonyamula mpweya m'magazi. Ndinamanga kawiri, ka munthu wabwinobwino ndi ka munthu wodwala sikoselo, matenda a magazi a Kapitawo aja. Nditatiika moyandikana ndinaona kuti tikusiyana mkanda umodzi wokha. Umodzi womwewo ndi umene umachititsa kuti mapuloteniwo azimatirirana, maselo a magazi n'kupindika, mwana n'kumalira mafupa. Ndinauyang'ana mkandawo mpaka misozi. Mnzanga uja anandipatsa kampango, nati magalasi atsopano amatero.

Achimwene, mtima ukundiwawa ndi zimene munandiuza pafoni, zoti amayi analoza chala alamu kuti matendawa anabwera nawo ndi iwo, poti kumtundu kwathu kulibe, ndipo alamuwo anatenga mwana n'kupita kwawo. Inu, monga mwa chizolowezi chanu, munangoima pakati, kuopa kukhumudwitsa aliyense.

Mvetsetsani apa. Mwana sadwala matendawa pokhapokha atalandira mkanda woterewu kwa mayi ndi kwa bambo omwe. Wolandira mbali imodzi amangoyenda nawo osadziwa. Ndinapita kukayezetsa magazi anga, ndipo andipeza nawo mbali imodzi. Ndiye kuti kumtundu kwathu ulipo, ndipo inunso muli nawo. Kaya tinautenga kwa amayi kaya kwa malemu abambo, zimenezo tisafufuze. Palibe amene anasankha, palibenso amene analakwa.

Pempho langa ndi limodzi. Amayi muwafotokozere pang'onopang'ono, muli awiriwiri, asachite manyazi. Ndikuwadziwa, akamuona mdzukulu wawo akubuula amasowa pogwira, n'chifukwa chake pakamwa panathamanga. Mukatero mupite nokha kukatenga alamu ndi mwana, osatuma munthu, osaimba foni. Mayi amene amachezera m'chipatala atagwira kadzanja ka mwana sayenera kusenzanso mlandu.

Ndaikamo chithunzi cha tizidutswa tiwiri tija, mkanda wosiyanawo ndaupaka zofiira. Kapitawo mumuuze kuti azakhali ake amagwira ntchito yotunga mikanda, ndipo iye akadzabwera kuno adzamulola kutembenuza yekha pakompyuta, bola asawachotse ntchito.

Moni kwa amayi, amalume ndi chemwali wathu wamng'ono, amene sayankha mauthenga anga. Moni waukulu upite kwa alamu. Mukafika kwawo, musanayambe n'komwe kupepesa, muwauze kuti mkandawo sali nawo okha, nanenso ndauvala.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Zakhali wa Kapitawo