Chubu Chakufa M'nsalu ya Maluwa

Lolemba, 3 Juni

Getsi la m'khitchini layamba matama. Chubu chachitali chija chikungophethira ngati munthu wogwidwa bodza, uku chikulira ngati udzudzu. Podula anyezi ndatsala pang'ono kudula ndi chala chomwe.

Mwana wanga Nesi sindimuuza. Chigwereni pampando chaka chatha ndikukoloweka makatani, lamulo lake ndi limodzi: ndikadzakweranso pa chinthu chilichonse, ndilongedze ndikakhale kwawo. Chipinda akuti anakonza kale, zenera lake loyang'ana khoma. Ndikamuuza za getsi, alilemba pa mndandanda wa zimene “Amayi sakuzithanso.” Ndikakwera ndekha, ndaswa pangano. Nyumba ino ndakhalamo zaka makumi atatu, makina anga osokera ali ndi pakona pake. Sindikupita kulikonse ine.

Lachiwiri, 4 Juni

Ndachigogoda ndi mtengo wa tsache. Chinamvera kwa mphindi ziwiri, kenako n'kuyambiranso mokwiya.

Nesi pafoni: “Chikulira n'chiyani kumeneko?” Ndati ndi filiji. “Filiji yayambanso?” Ndamumva akulemba. Filiji yosalakwa ndaiika m'mavuto.

Lachitatu, 5 Juni

Ndakwera. Pampando kaye, kenako patebulo, masilipasi nditavula, tepi yanga ya utelala m'khosi. Chubu n'chotalika masentimita 120. Kukwera sikuvuta, nkhani ili potsika. Ndinakhala patebulopo kanthawi ndithu ngati wodikira tiyi.

Masana ku shopu ya zamagetsi. Mwini shopu, mkulu wa ndevu zoyera, wandifunsa ngati chubucho chada kumapeto. Ndati chada bii. “Ndiye chatha ntchito, amayi. Mutenge ndi sitata yomwe.” Kanthu kenikeni kangati bobini ya makina. Wandilangiza ngati mwana wa sukulu: zimitsani swichi yaikulu, chizizire, potozani pang'ono chituluka chokha. Chakalecho osachiswa, muli mekyule, ndi poizoni. Osataya m'bini. Ndichiike m'katoni ya chatsopanochi ndibwere nacho, ali ndi bokosi losonkhanitsira. Nditamuuza za tsache anangogwira kumutu.

“Akakuikirani ndani?”

“Mkamwini wanga.”

Mkamwini amene ngakhale babu ya kubafa kwawo amaitanira munthu.

Mu minibasi chubu chavula bambo wina chipewa kawiri. Kachitatu anangochigwirizira yekha mpaka pamene anatsikira.

Lachinayi, 6 Juni

Ndatha! Swichi yaikulu ndinazimitsa, ndinapotoza, chinatuluka. Dzanja limodzi pa siling'i, lina pa chubu, pakamwa pemphero. Chatsopano chalowa, sitata yalowa, kwawala ngati m'chipatala.

Tsopano ndikuona zonse. Kangaude wamanga nyumba yosanja pamwamba pa kabati. Mapoto amene ndimati ndi oyera si oyera. Chubu chakale chija chimandisungira ulemu, ine osadziwa.

Zovuta ziwiri. Katoni ija ndinaidula ndi sizasi kuchokera kumutu mpaka kumchira, mowongoka bwino, dzanja la telala silimva. Choikamo chubu chakale palibenso. Ndipo bondo lakumanzere latupa, za minibasi ndiiwale kaye.

Lachisanu, 7 Juni

Ndayesa a galimoto ya zinyalala, ngakhale ndikudziwa. Dalaivala wangochiyang'ana n'kupukusa mutu. “Icho ayi, amayi. Chikaphwanyikira kumbuyoku opuma ndife.” Sanalakwe. Ndabwerera nacho m'nyumba ndili ndi manyazi, aneba akuyang'ana pa mpanda.

Nesi akubwera mawa. Kunsi kwa bedi amasesako. Kuseri kwa chitseko amakolowekako chikwama. Ndiye nzeru zinabwera: m'chipinda chosokera muli mipukutu ya nsalu yoimikidwa pakona, ndani angawerenge? Ndachikulunga bwinobwino kuti chisasweke, mamita anayi athunthu, n'kuchiimika pakati pa inzake. Nsalu ya maluwa ofiira ija, chifukwa ndi yokhuthala. Chikuoneka bwino moti inenso ndachisirira.

Loweruka, 8 Juni

Nesi sanakhale n'komwe pansi. “Getsi ili lasintha. Wakuikirani ndani?”

Ndati aneba aamuna. Anangoti “Oo,” n'kuyang'ana mmene ndikutsimphinira. Ndati ndi kuzizira.

Tinamwa tiyi mwamtendere. Kenako analowa m'chipinda chosokera kukafuna singano, ndipo ndinangomva, “Amayi, nsalu iyi mumandibisira? Mundisokere diresi.” Pa mipukutu khumi ndi iwiri, anasankha womwewo. Ndimati ndikubisa, koma ndinasankha nsalu yokongola kuposa zonse m'nyumba muno, mwana wanganso maluwa ofiira ndi matenda ake chiyambire ali wamng'ono. Anatuluka nawo ataunyamula paphewa, n'kugwira nsonga kuti aukutumule pansi monga timachitira poyeza nsalu.

Ndinakuwa mpaka galu wa aneba anayankha. “Usaponye! Muli poizoni!”

Anaufutukula pang'onopang'ono patebulo, chubu n'kutulukira, chakuda kumapeto konse. Anachiyang'ana, n'kundiyang'ana, n'kukweza maso. Pa siling'i, pambali pa getsi langa lowala bwino lija, pali dzanja. Zala zisanu pafumbi, zazing'ono, chala chapakati chopindika ndi sizasi ya zaka makumi anayi.

“Aneba ali ndi dzanja ngati lanu,” anatero.

Ndimayembekeza kukalipiridwa, mayankho ndinali nditakonza kale. Iye anangokhala pampando, nsalu ili pamiyendo. “Chaka chatha ndinakupezani pansi mutagona maola anayi. Foni yanu ikalira kawiri osayankha, ine ndimaona zomwezo, ngakhale ndili pakati pobaya wodwala jakisoni kuntchito.” Zinandiwawa kuposa bondo.

Ndinafunsa za mndandanda uja, umene amalemba ndikamayankhula. Akuti ndi wa zinthu zoti andikonzere. “Mukanandiuza ndikanabwera ndi makwerero, basi. Lero sindikunyamulani. Koma munthu wobisa chubu m'nsalu ndimusiya bwanji yekha? Ndikaganiza.”

Tinapita nacho ku shopu pa galimoto yake, ine kumbuyo nditachifungatira ngati khanda. Mwini shopu anachilandira ndi manja awiri, n'kuchigoneka m'bokosi pamodzi ndi zinzake. Kenako, mokweza, kuti aliyense amve: “Mkamwini uja waika bwino?”

Nesi anaseka mpaka kutsamira kauntala.

Lolemba, 10 Juni

Kwabwera wokonza mafiliji, wotumidwa ndi Nesi kuyambira Lachiwiri lija. Waigwiragwira ola lathunthu, akuti sanaonepo filiji yathanzi chonchi. Ndamupatsa tiyi.

Za kuganiza kuja sanandiuzebe. Diresi ndadula kale, muyeso wake ndimaudziwa pamtima.

Lachitatu, 12 Juni

Wotchi yapakhoma yaima pa 9 koloko. Batire yatsopano ili m'dirowa, mpando uli pomwepo, bondo laphwa. Ntchito ya mphindi imodzi, ndipo pakhomapo palibe fumbi losiya umboni, ndinayang'ana.

Ndinaima pamenepo batire ili m'manja. Kenako ndinatenga foni. Nesi ndiye amaimba masiku onse, ine sindiimba nthawi ya ntchito.

Sinalire n'kamodzi komwe. “Amayi? Mwagwa?” Mpweya uli m'mwamba, kumbuyo kukumveka phokoso la m'wodi.

“Sindinagwe. Wotchi yaima, ili pamwamba.”

Ndinamumva akumina.

“Musaikhudze. Ndibwera ndikaweruka.”

Ndabweza batire m'dirowa. Nthawi ndikufunsa aneba pa mpanda.