Kanema wa Bambo Afufutidwa Lachisanu

Lolemba, 27 Okutobala
Mvula mu Vilnius. Amayi pa foni kuchokera ku Utena: "Giedrė, kanema uja wa bambo ako ali m'makina anuwo, udzabwere naye pa Vėlinės, tsiku lokumbukira akufa. Tikakayatsa makandulo kumanda, ndidzawaoneko akuphethira."
Ndinali nditaiwala. Kampani yathu itangoyamba pulogalamu yotumizira ndalama pafoni, ndinawakakamiza bambo kutsegula akaunti. Munthu amadzijambula kuti makina atsimikize kuti ndi iyeyo: yang'anani uku, yang'anani uko, tchulani dzina. Bambo, odana ndi kamera moyo wawo wonse: "Kodi ndine hatchi ya pamsika, mundionenso mano?" Kanema wina wa iwo kulibe.

Lachiwiri, 28 Okutobala
Alipo. Koma afufutidwa Lachisanu. Akaunti ikatsekedwa, malamulo amapereka zaka zosungira za munthuyo, zikakwana zonse zichoke. Akaunti ndinatseka ndine, maliro atatha. Chofufutacho ndinamanganso ndine. Chikafufuta, ngakhale mwini kampani sangabweze.
Vytenis, amene tinkamanga naye, anandichenjeza: "Iwe, siyako kakhomo kakumbuyo. Nyumba yopanda potulukira ndi bokosi la maliro." Ndinamuseka pagulu. Ndinati malamulo samatidwa pamwamba ngati pulasitala, amayambira pa maziko. Ndinkadzimva kwabasi tsiku limenelo.

Lachitatu, 29 Okutobala
Kwa Jolanta, loya wathu. Wandipatsa tiyi, kenako wandikaniza. "Amayi alembe pempho, tidzaliona mwezi wamawa." Mwezi wamawa! Woimitsa kufufuta ndi khoti lokha. Ndinafuna choncho ndine.

Lachinayi, 30 Okutobala
Kutsegula kanemayo kumafuna makiyi a anthu awiri. Vytenis wandipeza kukhitchini, buledi wakuda ali kukamwa. "Kiyi wanga nayu, mayi wa malamulo. Koma mwana wakoyo, makina unamangawo, ndi kazitape, alemba mayina athu tonse awiri."
Oyendera a boma akubwera sabata yamawa. Akaona, chilolezo cha kampani chili m'madzi, ntchito ya Vytenis yatha. Mkazi wake ndi woyembekezera. Ndakana.
Za kakhomo kaja sanandikumbutse. Bola akanandinyogodola, mtima ukanapepukako.

Lachisanu, 31 Okutobala
Uthenga wa makina: kufufuta kwatheka, palibe cholakwika. Kachizindikiro kobiriwira.
Bwana, osadziwa kanthu: "Oyendera aja tiwaonetse zimenezi, akagona tulo!" Ndinamwetulira. Ndinakalirira m'chimbudzi, mpopi ndili nditatsegula.
Chinthu chimodzi chomwe ndamanga bwino m'moyo wanga.

Lamlungu, 2 Novembala
Utena. Makandulo manda onse, mphepo yolowa m'mafupa. Ndawauza amayi pomwepo, pamanda. Zonse, ndi zoti chofufutacho ndinamanga ndine.
Sanakalipe. Anangowongola kandulo yomwe inapendekeka, nkupukuta manja pa jasi.
"Chabwino. Koma iwe unalipo. Undiuze ndiwe. Anavala chipewa chija? Anayamba kuyang'ana mbali iti?"
Ndinalipodi. Bambo pampando wapawindo, ine pambali pawo. Maso anga onse pa kompyuta, kuona ngati pulogalamu ikugwira.
Ndayankha kuti kumanzere, ndi chipewa chomwe.
Amayi anagwedeza mutu, osangalala. "Eya. Ndi iwowo."
Sindikudziwa. Sindinawayang'ane.