Waya wa Belu

Lachiwiri, 12 Ogasiti

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira muli bwino ndipo bondo lija lasiya kukuvutani. Ife kuno tilipo, kupatula mdzukulu wanu amene waguluka mano awiri akutsogolo, moti akukana kuseka pagulu. Kalatayi ndapatsira alamu anu amene akubwera kumeneko mawa. Ndalemba dala, chifukwa pafoni mumandizemba. Ndikangoyamba za kuntchito mumati netiweki yavuta, chonsecho wailesi yanu ndikuimva bwinobwino.

Ku fakitale kuno pampu yaikulu ya mafuta ophikira inapsa Lachinayi lapitali masana. Mafuta anatha m'thanki, pampu n'kumangozungulira yopanda kanthu mpaka utsi tolotolo. Amene anali pa shifiti ndi a Mandevu, anzanu aja munkakhala nawo pabenchi la kuseri kwa boyila. Iwo akulumbira kuti belu silinalire. A manijala akuti linalira, koma mkuluyo ankawodzera. Lachisanu likubwerali akukamba mlanduwu, ndipo a Mandevu akapezeka olakwa ntchito yatha, atangotsala ndi zaka ziwiri kuti apume. Wokapereka umboni wa mita yoyeza mafuta ndine.

Mita imeneyo mukuidziwa, munailumikiza ndinu musanapume pantchito. Munandiloweza pamtima ngati nyimbo ya ku sukulu: mawaya awiri oyamba amauza sikirini liwiro la mafuta, ndi timagetsi ta mamiliampu anayi mpaka makumi awiri, awiri otsatira amagunda kamodzi malita khumi akadutsa, kuti makina awerenge, awiri omaliza ndi oliza belu paipi ikauma. Tsiku lomwe pampu inapsalo ndinatsegula bokosi la mitayo ndili ndekha. Anayi oyambawo anali m'malo mwake, olimba bwino. Koma waya mmodzi wa belu anali atazulidwa, atakulungidwa tepi mwaukhondo n'kupindidwira kuseri kwa anzake.

Mtima unandiwira. Ndinaganizira wosesa, ndinaganizira anthu aja anabwera kudzapenta, ngakhale a Mandevu omwe, kuti mwina belu linkawasokoneza tulo. Kenako ndinamukoka wayayo, ndipo kumapeto kwake kunali kamfundo. Bambo, fakitale yonse ino ndani amamanga kamfundo pa waya amene wamuchotsa kuti adzamukumbukire? Ndani amakulunga tepi chakumanzere? Ine ndinakulira m'nyumba imene ngakhale chingwe cha ayironi ya amayi chinali ndi kamfundo kameneko.

Tsopano imvani zimene mwana wanu ndinachita, ndipo manyazi akundigwira polemba. Ndinamasula kamfundoko, ndinachotsa tepi n'kuiponya m'thumba la ovolosi, waya n'kumubwezera pamalo pake. Sindinaganize n'komwe, manja anangochita okha. M'mawa mwake a manijala anasonkhanitsa anthu, tinaumitsa paipi, belu n'kulira mpaka agalu akunja kwa mpanda kuuwa. A Mandevu anavula chipewa n'kundiyang'ana.

“Mwanawe,” anatero, “maso ndiye akutha, koma makutu angawa ndi abwino. Dzulo silinalire.”

Ine ndinangoti ndaona kuti likugwira ntchito, a Mandevu. Sindinaname, komatu chilungamo sindinanene. Tepi ija ikadali m'thumba.

Pali china chimene chikundisowetsa mtendere. Tsiku lopsa pampulo, ndikutsika masitepe, a manijala anandiimitsa n'kunena chapansipansi kuti, “Mayi, waya wa belu uja mwamupeza ali bwino, eti?” Ine ndinali ndisanauze munthu kuti ndatsegula bokosi. M'bokosimo muli mawaya asanu ndi mmodzi, nanga iwo bwanji anafunsa ameneyo yekha? Ndipo m'mawa belu litalira, amene anadzidzimuka kuposa tonse ndi iwowo. Chiyambire tsikulo akundisekerera kwambiri, mpaka dzulo kundifunsa ngati mpando wanga uli bwino. Munthu amene zaka zisanu sanandipatsepo moni! Iyayi, pamenepa pali kanthu.

Ndakumbukiranso chaka chanu chomaliza, mukubwera kunyumba mutakwiya, mukuti mpweya ukalowa m'paipi belu likulira pachabe, makina n'kuima, a manijala omwewa n'kumakukalipirani pamaso pa anthu. Kenako munangosiya kudandaula. Ine ndinkayesa munakonza. Kodi anakuuzani ndi iwo kuti muzule? Kapena munatopa nokha, mukuti mudzabwezera mawa, mawalo n'kukhala zaka ziwiri? Kamfundo kaja kakundiuza kuti munkafuna kubwerera. Ndikufuna ndimve pakamwa panu, osati pakamwa pa munthu amene akukonzekera kukukankhirani zonse.

Ndakwiya nanu, Bambo, sindibisa. Ndinu amene munandimenya pa dzanja ndi sikuludiraiva nditasiya waya wosamanga, muli amvekere waya wa chenjezo ndi moyo wa munthu. Komabe ndinu bambo anga, ndipo dzina lanu kuno anthu amalitchula mwaulemu. Lachisanu ndikaika tepi ija patebulo n'kunena zonse, kuyambira zimene ndinachita ineyo. Mwina nanenso andichotsa. Ndiimbireni lisanafike Lachinayi madzulo, ndipo wailesi muzimitse.

Moni kwa amayi, muwauze kuti nsalu ija ndinalandira. Nkhaniyi muwafotokozere nokha, isawapeze kudzera kwa ena. Bambo a kunyumba kuno akupereka moni, mdzukulu wanunso, atatseka pakamwa ndi dzanja.

A Mandevu nawonso akuti moni wambiri. Anandipeza pageti lero atamva kuti ndikukulemberani, n'kundigwira mkono. Akuti, “Uwauze achimwene angawo andithandize maganizo. Mita ija palibe amaidziwa kuposa iwo, ndipo iwo sangandinamize.”

Ndawalonjeza kuti uthengawo ndifikitsa. Ndiye ndi umenewo.

Ndine mwana wanu,
uja mumamuti Injiniya