Nsungwi za Dorika musazule

Achimwene a Damiano,

Njinga musaifunefune, ndatenga ine. Ndathamangira ku Bembeke kukapempha mbande za kabichi kwa a Bonifasio, chifukwa nazale yanu yakokoloka ndi madzi. Pepani. Wolakwa ndine, osati mlongo wathu Dorika.

Mukudziwa kuti chiyambire kumuphunzitsa pakhomo, mwendo uja utamuletsa ulendo wa kusukulu, za m'buku amangoyasamula nazo. Ndiye Lolemba ndinamupatsa funso lina: madzi a pakasupe angafike bwanji kudimba popanda munthu kusenza ndowa? Anajambula yekha pansi ndi kamtengo. Ine ndinkadula nsungwi, iye n'kumabowola mfundo ndi chitsulo chamoto, polumikiza tinamanga ndi mphira wa chubu chakale. Kawiri konse madzi anakana. Lero anayang'anitsitsa n'kunena kuti, "Pakatipo pagwa, ikanipo mwala. Inu a sekondale, madzi amakwera chitunda?" Ndinaikapo. Madzi anabwera ngati atumidwa, koma za chotsekera tonse sitinaziganize. Kabichi wanu wamweratu madzi a chaka chonse.

Panopa ndatseka ndi chitsononkho. Khadi la chipani lili m'thumba, musade nkhawa za pamsewu. Mbande ndiwokera ndekha ndikabwera.

Chonde nsungwizo musazule, ndipo abambo akati ndi masewera, mundiyankhulireko, paja ine pamaso pawo mawu amandithera. Mawa funso lake ndi la chotsekera, ndipo sindisiya. Chidwalire sindinamumvepo akuseka chonchi. Akuti madzi amuyendera ulendo wake.

Ine mng'ono wanu,
Vinsenti